Mmene ndinapulumutsira sari yanga ya ku Kanchipuram

Sari yanga ya silika (nsalu yaitali imene amayi amavala podzikulunga nayo) yolukidwa ku Kanchipuram, m'chigawo cha Tamil Nadu ku India, inayamba kuoneka mizere yotuwa mopindamo, ndipo ulusi wa zari, womwe ndi siliva wokutidwa ndi golide, unayamba kuda. Vuto linali jumbo ya pulasitiki imene ndinaisungamo chaka chathunthu, chifukwa inkatsekera chinyezi. Ndinaiyanika pamthunzi tsiku lonse, kenako ndinaisita chakuseri ndi simbi yofunda pang'ono, nditayala kansalu koyera ka thonje pamwamba. Ndinasamala kwambiri polumikizira mphepete, pomwe amisiri amalukanitsa ulusi wa mitundu iwiri m'njira yotchedwa korvai. Tsopano ndimaikulunga m'nsalu ya thonje n'kumaipinda mwatsopano miyezi itatu iliyonse, ndipo kuda kuja sikunapitirire.