Galu amayamba wachenjeza asanalume mwana

Mwana akalumidwa, makolo ambiri amati galuyo wangomulumphira popanda chifukwa. Kawirikawiri galu amakhala atachenjeza kale, kungoti mwanayo sanadziwe kuti akuchenjezedwa.

Chenjezo loyamba limakhala lachete. Galu amayasamula pomwe alibe tulo, amanyambita mphuno mobwerezabwereza, kapena amatembenuzira mutu kumbali uku akuyang'ana mwanayo cham'mbali mpaka choyera cha m'diso kuoneka. Apa akupempha kuti amusiye. Mwana akapitiriza kumukoka khutu kapena kumukwera pamsana, thupi la galu limauma gwa, ubweya wa pamsana umaima, mano amaonekera, kenako amadzuma. Chonde musamumenye galu chifukwa chodzuma. Mukatero amaphunzira kuluma mosachenjeza, ndipo ameneyo ndiye woopsa kwambiri pakhomo. Ingochotsanipo mwanayo.

Mchira umapusitsa ngakhale akuluakulu. Galu wosangalala amagwedeza mchira momasuka pamodzi ndi chiuno chomwe. Koma mchira ukaima m'mwamba n'kumanjenjemera pang'onopang'ono thupi lili chiumire, talikirani. Amene waupinda pakati pa miyendo, makutu atagonera kumbuyo, ali ndi mantha, ndipo galu wamantha akasowa kothawira amaluma.

Ana asamayandikire galu amene akudya mkute wake, wagona, wavulala, kapena woyamwitsa. Tiana ta galu timakopa ana kwambiri, koma mayi wake salola. Womangidwa pa unyolo nayenso asiyidwe. Ndipo chizolowezi chogenda agalu popita kusukulu chitheretu, chifukwa galu wogendedwa akhoza kuyamba kuona ana ngati adani.

Galu wachilendo akamabwera, mwana asathawe kapena kukuwa. Aime chilili ngati mtengo, manja atawapinda pachifuwa, osamuyang'ana m'maso. Akagwa pansi, adzipinde, abise nkhope ndi khosi ndi manja.

Galu wachiwewe ndiye sachenjeza. Amayenda mwachisawawa, amatuluka dovu, amaluma chilichonse. Galu wina wachiwewe amangofooka modabwitsa. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati pafupifupi 40 pa 100 alionse olumidwa ndi nyama zoganiziridwa kuti zili ndi chiwewe ndi ana osakwana zaka 15. Ana ambiri amabisa bala poopa kukalipiridwa, choncho auzeni kuti akalumidwa kapena kukandidwa anene msanga, simuwakalipira.

Tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, musapakepo zitsamba kapena phulusa, ndipo pitani kuchipatala tsiku lomwelo kuti akalandire katemera. Zizindikiro za chiwewe zikayamba kuoneka mwa munthu, palibenso mankhwala ochiza.

Agalu anu abayitseni katemera chaka chilichonse. Mlangizi wa ziweto wa m'dera lanu akuuzani tsiku ndi malo, ndipo khadi la katemera mulisunge kuti mudzalionetse galu wanu akadzaluma munthu.