Windows yakana kudzuka? Pulumutsani mafayilo ndi SystemRescue

Kompyuta ikakana kulowa mu Windows osathamangira kufomata ayi, nthawi zambiri mafayilo amakhala akadalimo mu disiki. Pezani flash ya 4GB, pa kompyuta ina yabwinobwino muikemo Ventoy, pulogalamu yopangitsa kuti kompyuta ithe kudzukira pa flash, koma dziwani kuti imafufuta zonse zinali m'flashmo, kenako kopani ISO (fayilo imodzi yokhala ndi sisitimu yonse) ya SystemRescue, Linux yopulumutsira mafayilo yomwe imadzuka popanda Windows, n'kuiponya momwemo basi.

Bayani flashyo pa kompyuta yovutayo, mukangoyatsa dinani F12 ngati ndi Dell kapena Lenovo, HP ndi F9, kuti musankhe kudzutsira pa flash. Ikakana lowani mu BIOS (ma setting a kompyuta omwe mumalowamo Windows isanadzuke) muzimitse Secure Boot, chitetezo chomwe chimatha kuletsa flash kudzuka. Pa menyu ya SystemRescue ine ndimakonda copytoram, zonse zimalowa mu RAM moti flash mutha kuizula.

Sikirini yakuda yomwe ibwere isakuopseni, lembani startx desktop ibwera. Tsegulani terminal (polembera malamulo), lembani lsblk ikuonetsani ma partition (magawo a disiki) onse, wa Windows nthawi zambiri ndi wamkuluyo. Lembani mount -o ro /dev/sda3 /mnt malinga ndi nambala yanu, mafayilo aoneka mu /mnt, ro imeneyo ndi yoti musalembemo kalikonse mwangozi, kenako kopelani ku disiki ina yakunja. Disiki ikamalira kuti tiki tiki yambani ndi ddrescue, pulogalamu yokopa disiki yowonongeka yonse kupita ku ina, GParted yosinthira ma partition musaikhudze kaye. Ngati disiki ndi yokiyidwa ndi BitLocker, loko ya Windows, pafunika kiyi yake ya manambala 48, ifufuzeni mu akaunti yanu ya Microsoft.