Momwe mungasankhire sikana yotchipa yopulumutsira zithunzi zakale za pa filimu

M'nyumba zambiri za ku Matawale, Chinamwali, Sadzi ndi Mpondabwino kuno ku Zomba muli sutikesi kapena katoni imene sitsegulidwa kawirikawiri. M'katimo muli zithunzi za ukwati wa makolo, za amalume atavala gauni ku Chanco, za agogo ali mu yunifomu ku Cobbe Barracks, za ana asukulu atakwera phiri mpaka pa Ku Chawe. Mu envelopu momwemo mumapezekanso timizere ta pulasitiki tabulauni timene ambiri amataya poyesa zinyalala. Amenewo ndi manegativi, ndipo amasunga zambiri kuposa pepala limene anatsukirapo chithunzi. Nkhope imene yazilala papepala nthawi zambiri imakhala ikadali bwinobwino pa filimu.

Chodetsa nkhawa ndi nyengo ya kwathu kuno. Kuyambira Novembala mpaka Epulo chinyezi cha m'munsi mwa phiri chimalowa ndi m'masutikesi momwe, ndipo chuku chikagwira filimu chimadya mbali imene pali chithunzi. Chikadya chadya, palibe makina amene angabwezeretse. N'chifukwa chake ndi bwino kulowetsa zithunzizi mu kompyuta zisanafike pamenepo, ndipo ntchito imeneyi imafuna sikana.

Choyamba, khuthulani katoni musanafunse mtengo

Yalani nsalu yoyera pa tebulo, sambani m'manja ndi kuwumitsa, kenako patulani zomwe muli nazo. Filimu yokhala ndi timabowo mbali zonse ziwiri ndi ya 35mm, chithunzi chilichonse chimakhala mamilimita 24 ndi 36, ndipo ambiri ali ndi imeneyi. Filimu yotambalala pafupifupi masentimita 6, yopanda timabowo, ndi ya 120, imene masitudiyo akale ankaikonda. Pali ina yaing'ono kwambiri ya 110 imene Kodak anabweretsa mu 1972. Masilaidi ndi aja okhala m'timafelemu ta katoni kapena pulasitiki ta masentimita 5 mbali zonse, ndipo amapezeka kwambiri kwa anthu amene ankagwira ntchito kumishoni ndi m'masukulu.

Werenganinso zithunzi zimene zilibe negativi. Kwathu kuno n'zochuluka, chifukwa wojambula uja woyenda panjinga ankabweretsa chithunzi chotsuka basi, filimu n'kutsala nayo yekha. Ngati theka la katoni yanu ndi mapepala okhaokha, sikana ya filimu yokha sikuthandizani. Musagule kanthu musanadziwe zimenezi.

Chachiwiri, dziwani mitundu itatu imene ili pamsika

Yotchipa kwambiri ndi timabokosi tokhala ndi sikirini yakeyake, monga Kodak Slide N Scan ndi Kodak Scanza. M'kati mwake muli kakamera kakang'ono ndi nyali. Mumakankha filimu, kudina batani, chithunzi n'kupita pa memore khadi ngati JPEG. Sitifuna kompyuta, timathamanga, ndipo timalandira 35mm, 110 ndi masilaidi. Koma mitundu imatuluka mosadalirika, malo amdima amangoda bii, fumbi lonse limaoneka, ndipo 120 silowamo. Ngati cholinga n'kutumiza zithunzi pa gulu la banja la pa WhatsApp, n'tokwanira. Ngati mukufuna kudzasindikiza chithunzi cha agogo chachikulu chopachika pakhoma, mudzadandaula.

Mtundu wachiwiri ndi sikana yagalasi ngati ya mu ofesi, koma yokhala ndi nyali ina m'chivundikiro. Apa mpamene anthu ambiri amapusitsika. Filimu imafuna kuwala kodutsa m'kati mwake kuchokera pamwamba, ndiye sikana imene ili ndi nyali yapansi yokha singaone chilichonse pa negativi. Epson V39, masikana ambiri a Canon LiDE ndi ambiri mwa aja ophatikizana ndi pulinta alibe nyali imeneyi. Pa katoni kapena pa malonda yang'anani mawu akuti transparency unit. Epson Perfection V600, V550 ndi Canon CanoScan 9000F Mark II ali nayo, ndipo amalandira 35mm, masilaidi, 120 ndi zithunzi zapapepala zomwe. V600 imatenga zithunzi 12 za 35mm kapena masilaidi 4 nthawi imodzi, mumangoisiya ikugwira ntchito inu mukuchita zina. Epson V370 ndi yotsikirapo mtengo koma 120 siitenga.

Mtundu wachitatu ndi wa filimu ya 35mm yokhayokha, monga Plustek OpticFilm 8100 ndi 8200i. Pa 35mm amenewa amatulutsa chithunzi chakuthwa kuposa sikana yagalasi ya mtengo wofanana nawo, palibe kukayika. Koma mumakankha chithunzi chimodzichimodzi ndi dzanja, chilichonse chimatha kudya mphindi zingapo, ndipo pepala kapena 120 n'zosatheka.

Kwa ine, banja wamba la ku Zomba limene katoni yake ndi yosakaniza ligule sikana yagalasi yokhala ndi nyali m'chivundikiro, ngakhale yogwiritsidwapo kale ntchito. Plustek ndi ya munthu amene ankajambula yekha, ali ndi mafilimu a 35mm ambirimbiri ndipo ali ndi mtima wodekha.

Chachitatu, musatengeke ndi manambala a pa katoni

Timabokosi tija amatilemba 22 megapixels, koma kakamera kam'kati kamajambula zochepera pamenepo, zotsalazo n'zongofufumitsa ndi pulogalamu. Kuli ngati kuthira madzi mu thobwa: chidebe chadzaza, koma chimera n'chomwe chija. Mukaona mawu akuti interpolated, nambala imeneyo iwaleni, funani yolembedwa kuti optical, imene ndi yosafufumitsa. Ngakhale imeneyo musaikhulupirire yonse. V600 amailemba 6400 dpi, kutanthauza madontho 6400 pa inchi iliyonse, koma anthu amene amayesa makinawa amapeza kuti kuthwa kwake kwenikweni sikufika ndi theka lomwe.

Zimenezi zisakufooketseni, chifukwa simukusowa manambala aakulu chotero. Negativi ya 35mm pa 2400 dpi imatulutsa chithunzi cha madontho pafupifupi 3,400 ndi 2,270, chokwana kusindikiza pa pepala la A4. Filimu ya 120 ndi yaikulu kale, ndiye sikana yagalasi imaichitira bwino kwambiri. Zithunzi zapapepala 600 dpi yakwana.

Chinthu chimene chili choyenera kuwonjezerapo ndalama ndi chochotsa fumbi ndi zokandika pogwiritsa ntchito kuwala kosaoneka ndi maso kotchedwa infrared. Epson amachitcha Digital ICE, Canon amachitcha FARE, ndipo pa Plustek ndicho chimasiyanitsa 8200i ndi 8100. Manegativi amene akhala zaka 30 mu envelopu amakhala ndi timadontho tosawerengeka, ndipo kutifufuta pamanja pa kompyuta kungakutayitseni madzulo onse pa chithunzi chimodzi. Dziwani kuti chimagwira pa filimu yamitundu. Pa filimu yakale ya black and white, siliva wa m'filimumo amachisokoneza ndipo chimawononga chithunzi, choncho muzichizimitsa. Pa masilaidi a Kodachrome chimavutanso.

Chachinayi, yesani musanapereke ndalama

Makinawa sapezeka wambawamba m'masitolo, ndiye ambiri mudzaitanitsa kudzera kwa m'bale wa ku Joni kapena ku UK, apo ayi mudzapeza wogulitsa pa Facebook ku Blantyre kapena ku Lilongwe. Powerengera mtengo ikanipo zotumizira ndi msonkho wa MRA. V600 imalemera pafupifupi makilogalamu 4 ndipo ili ndi galasi, si katundu woponya pansi pa matumba m'basi.

Yogula kwa munthu, pitani ndi laputopu ndi negativi yanu imodzi. Musatumize Mpamba kapena Airtel Money mutangoona chithunzi chake pafoni. Funsani kaye timafelemu takuda togwirira filimu, timene pa malonda amatilemba film holder. N'timene timasowa kawirikawiri, ndipo popanda timeneti sikana imavutika kuzindikira filimu komanso chithunzi sichithwa. Chotsani chinsalu choyera cholimba cha kunsi kwa chivundikiro, chimasololoka, ndipo muone ngati nyali ya m'mwambayo ikuyaka. Pendekerani galasi cha kuwindo muone ngati m'kati mwake mulibe chifunga kapena chuku. Ikangolira osayenda, onani kaloko kotsekera paulendo, mwina sanakatsegule. Kenako pangani sikani ya negativi yanuyo ndi kuikulitsa pa sikirini. Mzere wowongoka wodutsa chithunzi chonse umasonyeza fumbi m'kati kapena sensa yodwala, ndipo ukapanda kuchoka mutapukuta galasi, isiyeni.

Werengani adaputa. Magetsi athu ndi a 230V ndipo mapulagi ndi a mano atatu ngati a ku Britain. Adaputa yochokera ku America yolembedwa 120V yokha idzapsa mukangoilumikiza, pamene yolembedwa 100–240V ilibe vuto. Gulaninso choteteza ku magetsi obwera mwamphamvu, ndipo akazima muzizula pulagi.

Onani pa webusaiti ya kampaniyo ngati pali pulogalamu yogwirizana ndi Windows kapena Mac yanu. Ikasowa, VueScan ya Hamrick Software imayendetsa masikana akale ochuluka zedi, koma ndi yogula. Plustek yatsopano imabwera ndi pulogalamu ya SilverFast, ndiye pa yogula kwa munthu funsani nambala ya laisensi yake. Mukakumana ndi Nikon Coolscan yotchipa, ndi makina abwino koma anasiya kupangidwa, ndipo ena amafuna chingwe cha FireWire chimene malaputopu a masiku ano alibe polowetsa.

Sikana ikamaliza katoni ya banja limodzi imangokhala. Nanga bwanji osasonkherana pachibale, kumpingo kapena pa gulu la anzanu a kusukulu, n'kumabwerekana? Mukatero mutha kugula yabwinopo m'malo mwa timabokosi titatu totchipa.

Chachisanu, yambani ntchito mosamala

Gwirani filimu m'mphepete mokha. Fumbi lichotseni ndi kampira kopopera mpweya kamene ojambula amayeretsera kamera, osati ndi chitenje, tishu kapena kuuzira ndi pakamwa. Yachuku musaitsuke ndi madzi, chifukwa mbali ya chithunzi imene chuku chadya imasungunuka. Ipangeni sikani momwe ililimo. Filimu imene ikununkha ngati viniga yayamba kuwola, ndiye yambani ndi imeneyo ndipo muisunge payokha, chifukwa imapatsira zinzake.

Mu pulogalamu sankhani mtundu woyenera, kaya negativi yamitundu, black and white kapena silaidi, kuti ichotse yokha ubulauni uja. Malemba akatuluka chagada, mwaika filimu mozondoka. Zithunzi zofunika kwambiri sungani ngati TIFF, mtundu wa fayilo wosachepetsa ubwino wa chithunzi, podziwa kuti imodzi ya 35mm pa 3200 dpi imadya mamegabaiti pafupifupi 40, ndipo zina zonse JPEG yapamwamba yakwana.

Dzina la fayilo lizinena chaka, malo ndi anthu. Khalani pansi ndi amayi kapena azakhali akuuzeni kuti waima kumanzereyo ndani, mulembe pomwepo. Yang'ananinso zakumbuyo kwa anthuwo. Zomba inali likulu la dziko lino mpaka 1975, ndipo nyumba, msewu kapena msika umene ukuoneka kuseri kwa amalume ungakhale mbiri imene a National Archives of Malawi, omwe ali konkuno, angakondwe kuiona.

Sungani mafayilo malo awiri kapena atatu: pa kompyuta, pa hadi disiki yapadera imene ikhale kunyumba ina, ndi pa intaneti ngati bandulo ilola. Fulashi imodzi yokha si posungira. Manegativi musawataye mukamaliza, chifukwa mukadzapeza sikana yabwinopo mudzawafunanso. Aikeni m'bokosi lotseka bwino pamodzi ndi timapaketi ta silika tija topezeka m'makatoni a nsapato, pashelefu yapamwamba ya chipinda chouma, kutali ndi khoma limene limanyowa nthawi ya dzinja.