Mmene mungadziwire ngati dalaivala wa F1 walowa ndi luso kapena ndi chikwama

Mkangano uwu sutha, kaya mukuonera mpikisano wa magalimoto wa Formula 1 (F1) pa baraka ku Ulongué kaya ku Moatize, wina amangoti "uyu ndi mwana wa mpondamatiki basi, galimoto sadziwa" wina nkumati ayi ndi dolo ameneyu, mpaka mpikisano kutha osagwirizana. Ndiye ndati ndilembe mmene ine ndimayezera, kuti ulendo wina muzikangana muli ndi mfundo m'manja osati kukuwa kokha.

Poyamba chotsani m'mutu maganizo oti pali amene anafika ku F1 opanda ndalama. Kulibe. Mipando ya madalaivala inali 20 yokha kuyambira 2017 mpaka 2025, pano timu ya Cadillac yalowa mu 2026 ndiye yakwana 22, dziko lonse lapansi, ndipo kuti ufike pakhomopo umayamba ndi karting, mpikisano wa timagalimoto ting'onoting'ono, uli mwana, kenako mipikisano ya m'munsi ya F4, F3, F2, ndipo sitepe iliyonse pamafunika wina wolipira, sizoni imodzi yokha ya F2 ndi mamiliyoni a mayuro, muwerengere nokha mu metikali muone mutu kuzungulira. Lewis Hamilton bambo ake amagwira ntchito zingapo nthawi imodzi kuti mwana athamange, mpaka timu ya McLaren inamutenga mu 1998 ali ndi zaka 13. Makolo a Esteban Ocon anagulitsa nyumba nkumakhala mu kalavani. Niki Lauda, amene anadzakhala champion katatu, mpando wake ku timu ya March anachita kugula ndi ngongole ya kubanki. Ndiye funso loti kodi wabwera ndi ndalama silikuthandizani, funsani kuti ndalamazo zitati zasiya kubwera mawa, timu ingamusunge?

Njira imene sinama kwenikweni ndi kumuyeza ndi mnzake wa timu imodzi. Osayerekeza wa Haas ndi wa McLaren ayi, magalimotowo ndi osiyana kutali, koma timu iliyonse ili ndi madalaivala awiri okwera galimoto zofanana, injini yomweyo, fakitale yomweyo. Ndipo yang'anani kwambiri Loweruka pa qualifying, pamene aliyense amathamanga ndi nthawi kuti apeze malo oyambira, kuposa Lamulungu pa mpikisano weniweni, chifukwa Lamulungu pamachitika zambiri, tayala kuphulika, kuchedwa pa pit stop posintha matayala, safety car (galimoto yochepetsa liwiro la onse pakachitika ngozi) kulowa nthawi yolakwika, pomwe Loweruka ndi iwe ndi wotchi basi. Chitsanzo chimene ndimakonda ndi George Russell mu 2019 ku Williams. Chaka chonse sanapeze pointi ngakhale imodzi, mnzake Robert Kubica anapeza imodzi, ndiye mukangoona tebulo la mapointi munganene kuti Russell ndi wachabechabe, koma pa qualifying anamuposa Kubica m'mipikisano yonse 21, galimoto ndiyo inali nkhono. 2022 uyo ali ku Mercedes. Hamilton naye sizoni yake yoyamba mu 2007 anamaliza ndi mapointi 109, chimodzimodzi ndi mnzake wa timu Fernando Alonso amene anali atangotenga chikho zaka ziwiri zotsatizana, apa panalibenso chofunsa.

Tsopano tengani muyeso womwewo muuike pa Lance Stroll. 2023 ku Aston Martin, Alonso mapointi 206, Stroll 74, galimoto imodzimodzi. Timu ina iliyonse ikanayamba kuyang'ana kwina, koma timuyi mwini wake ndi bambo ake Lawrence Stroll, amene anatsogolera gulu logula timuyi mu 2018 ikutchedwa Force India, ndipo amene anataya mpando chaka chotsatira kuti Lance akhalepo ndi Ocon yemwe uja wa kalavani. Zili ngati shapa ya pa msewu wa Tete kupita ku Angónia, dalaivala waganyu akagunda kawiri amuchotsa, koma mwana wa mwini galimoto amangomukonzera nkumupatsanso makiyi.

Komabe musathamange kunena kuti Stroll sadziwa kuyendetsa, apa mpamene anthu ambiri amalakwitsa. Mnyamatayu anatenga chikho cha European F3 mu 2016, anakwera podium, kutanthauza kumaliza mwa atatu oyamba, ku Baku mu 2017 sizoni yake yoyamba, anatenga pole, malo oyamba pa qualifying, ku Turkey mu 2020 msewu uli woterera ndi mvula. Masiku ano FIA, bungwe loyang'anira mipikisanoyi, imafuna mapointi 40 a super licence, chiphaso choyendetsera mu F1, opezeka m'mipikisano ya m'munsi, ndiye munthu wosadziwa kalikonse sangangofika ndi cheke nkukhala pampando. Vuto la Stroll nloti pali ena omuposa amene ali panja, osati kuti iye ndi mbuli.

Apa ndiye pakubwera chinthu chachiwiri, fufuzani mbiri yake ya F3 ndi F2, koma muwerengenso kuti zinamutengera masizoni angati. Wopambana chaka choyamba ndi wina, wopambana chaka chachitatu atazolowera misewu yonse ndi winanso. Oscar Piastri anatenga F3 mu 2020, F2 mu 2021, zonse ulendo woyamba, koma 2022 anakhala pa benchi ku Alpine mpando kulibe, mpaka McLaren kumutenga mu 2023. Felipe Drugovich anatenga F2 mu 2022 pa sizoni yake yachitatu, nkungothera pa benchi ku Aston Martin komweko. Mabwana a matimu amaziwerenga zimenezi, inunso ziwerengeni.

Kenako onani zolembedwa pagalimoto. Dalaivala watsopano akangofika nthawi yomweyo pagalimoto pabwera dzina la kampani ya kwawo, dziwani kuti pali chikwama. Pastor Maldonado anafika ku Williams mu 2011 ndi PDVSA, kampani ya mafuta ya boma la Venezuela, anthu amamuseka chifukwa chogundagunda koma iye yemweyo anapambana ku Spain mu 2012, ndiye nkhani yake imavuta kuigamula. Nikita Mazepin anafika ku Haas mu 2021 ndi Uralkali ya bambo ake, galimoto mpaka kupentedwa mitundu ya mbendera ya Russia, mnzake wa timu Mick Schumacher nkumamusiya pafupifupi Loweruka lililonse, nkhondo ya ku Ukraine itayamba mu 2022 Haas inathetsa mgwirizano ndi Uralkali ndipo Mazepin anapita limodzi ndi ndalamazo, mpando nkubwerera kwa Kevin Magnussen. Ili ndiye yankho la funso ndinakupatsani lija, ndalama zapita munthu wapita.

Sergio Pérez ndi amene amasokoneza anthu. Ndalama za Telmex ndi banja la Carlos Slim zamutsatira kuyambira kale, zoona, koma anapambana ku Sakhir mu 2020 ali mu timu ya Racing Point atagwera kumbuyo kwenikweni pa kuzungulira koyamba, Red Bull nkumutenga. Ndiye 2024 mnzake wa timu Max Verstappen mapointi 437, iye 152, Red Bull inamusiya ngakhale siponsa analipo. Matimu akuluakulu amatero, chifukwa malo amene timu yamalizira pa tebulo ndi amene amanena kuchuluka kwa ndalama zimene ilandire, ndiye dalaivala wochedwa amaluzitsa zambiri kuposa zimene wabweretsa. Chikwama chimagwira ntchito kwambiri ku matimu a kumunsi, ngakhale nakonso chachepa mphamvu chiyambireni cost cap mu 2021, pamene anaika malire a madola 145 miliyoni pa zimene timu ingawononge pachaka.

Chinanso musamuweruze munthu ndi mipikisano itatu yoyamba, mpatseni theka la sizoni, muone ngati mpata wa pakati pa iye ndi mnzake ukuchepa kapena ukukula. Ngati mulibe DStv musadandaule, zotsatira za qualifying zimaikidwa pa webusaiti ya F1 Loweruka lomwelo, ka data kochepa kakwana, lembani nthawi za awiriwo mu foni sabata ndi sabata, pofika August muzapita nazo ku baraka.