Momwe mungalondolere kusintha kwa tanthauzo la aneni m'Chisipanishi

Mukafuna kudziwa momwe kaphatikizidwe ka aneni m'Chisipanishi kasinthira tanthauzo m'kupita kwa nthawi, musagwire zambiri pakamodzi. Sankhani mneni wothandiza mmodzi, woikidwa patsogolo pa mneni wina posonyeza nthawi, monga haber kapena ir, ndipo mufufuze zomwe ankatanthauza asanayambe kuthandiza anzake. Haber anachokera kwa habere wa Chilatini, amene ankanena za kukhala ndi chinthu, pomwe ir ankangonena za kupita kumalo ena.

Kenako sonkhanitsani ziganizo za m'nyengo zosiyanasiyana, kulemba chaka ndi dziko pa chilichonse. Nkhokwe ya CORDE ya bungwe la Real Academia Española, yomwe ili pa intaneti, imasunga zolembedwa kuyambira pachiyambi cha chilankhulochi kufikira 1974.

Ntchito yeniyeni yagona pa kupeza chiganizo chomwe tanthauzo lakale silingalowemo mpang'ono pomwe, ndipo apa ndi pamene ofufuza othamanga amaphonya. Voy a comer, momwe voy achokera kwa ir ndipo comer ndi kudya, si umboni wokwanira, popeza wolankhulayo mwina akunyamukadi kupita kukadya, mwinanso akungonena kuti adya posachedwa. Koma va a llover, kunena kuti mvula igwa, mulibe woyenda aliyense, kotero ir wasanduka chizindikiro cha nthawi yamtsogolo. N'chimodzimodzi ndi he perdido el libro, kunena kuti ndataya buku, momwe he achokera kwa haber: munthu sangakhale ndi buku limene wataya, ndiye kuti haber wasiya ntchito yake yakale, yomwe mneni wina, tener, anaitenga.

Yang'ananinso kalembedwe, chifukwa mawu amene atha mphamvu amakonda kumatirira kwa anzawo. Cantaré, kutanthauza kuti ndidzaimba, anali mawu awiri, cantar ndi he, ndipo m'zolembedwa zakale monga Cantar de mio Cid, yomwe kope lake limatchula chaka cha 1207, mlowam'malo ankatha kukhala pakati pawo, monga vos mu dar vos he, kutanthauza kuti ndidzakupatsani. Lero zimenezi sizitheka. Chosangalatsa n'chakuti nthawi yamtsogoloyi nayonso yasuntha, pakuti wonena kuti serán las cinco (idzakhala 5 koloko) nthawi zambiri amangoganizira kuti mwina 5 koloko yakwana.

Musaphatikize zitsanzo za m'maiko osiyana ngati kuti kusinthaku kunayenda mofanana paliponse. Pofotokoza zomwe zachitika m'mawa womwe uno, munthu wa ku Madrid anganene kuti he comido, pomwe wa ku Buenos Aires amakonda kunena kuti comí, onse akunena kuti adya, choncho ziganizo za dziko lililonse muzisanje pazokha musanaziyerekeze.