Momwe mungalembere mndandanda wa manambala pa windo ya pulogalamu ya Windows

Amene anazolowera mapulogalamu a pa console amadziwa kuti printf imodzi mkati mwa loop imamaliza nkhani: manambala amatsika okha, mzere ndi mzere. Pa windo si choncho. Windo sidziwa mzere ndipo sikumbukira pamene munalekezera. Imangodziwa mapikiseli. Nambala iliyonse muyenera kuisandutsa malemba, kenako n'kuiuza malo enieni oti ikakhale. Apa tigwiritsa ntchito chinenero cha C ndi Win32 API, ndipo tikutenga kuti windo yopanda kanthu muli nayo kale, pamodzi ndi WndProc yolandira mauthenga.

Musanalembe mzere uliwonse, gwirani mfundo iyi: zimene mwajambula pa windo si zosungika. Windo ili ngati bolodi la m'kalasi limene wina angafufute nthawi iliyonse, choncho manambala anu azikhala m'kope, osati pa bolodi pokha. Windows ikafuna kuti zioneke, imatumiza uthenga wa WM_PAINT, inu n'kukoperanso zonse kuchokera m'kopemo. Mavuto ambiri a ongoyamba kumene amachokera pamenepa.

Choyamba: sungani manambala

Titenge manambala 40 oyambirira a Fibonacci, amene iliyonse imapezeka pophatikiza ziwiri za m'mbuyo mwake. Awerengeni kamodzi, pa WM_CREATE, windo ikamabadwa:

```
static int manambala[40];
static int angati;

case WM_CREATE:
    manambala[0] = 1;
    manambala[1] = 1;
    for (angati = 2; angati < 40; angati++)
        manambala[angati] = manambala[angati-1] + manambala[angati-2];
    return 0;
```

Mawu akuti static ndi ofunika. WndProc imaitanidwa mwatsopano pa uthenga uliwonse, ndiye array yopanda static imakhala itaiwala zonse pofika pa WM_PAINT. Nambala ya 40 ndi 102334155, ndipo imakwana bwino mu int. Mukafuna kupitirira, samalani: int imathera pa 2147483647, pomwe nambala ya 47 ndi 2971215073. Ikasefukira simudzaona uthenga wochenjeza, mudzangoona nambala yachilendo, kawirikawiri yokhala ndi chizindikiro chochotsera kutsogolo.

Chachiwiri: sandutsani nambala kukhala malemba

TextOut, imene imalemba malemba pa windo, silandira nambala. Kwa kompyuta, 7 wowerengera ndi 7 wolembedwa n'zosiyana: woyamba ndi kuchuluka, wachiwiri ndi chilembo chimene khodi yake ndi 55. Wosandutsa ndi wsprintfW, amene amagwira ntchito ngati printf koma amalemba mu array m'malo mwa pa sikirini. Ubwino wake ndi wakuti amabweza kuchuluka kwa zilembo zimene walemba, ndipo TextOut imafuna chiwerengero chomwecho.

Array ya malo 16 ndi yokwanira, popeza int yaitali kwambiri imatenga zilembo 11 kuphatikizapo chizindikiro chochotsera, ndiye ziro wotsekera n'kukhala wa 12. Koma dziwani kuti wsprintfW samva %f. Ngati manambala anu ali ndi madesimali, gwiritsani ntchito swprintf.

Chachitatu: jambulani mkati mwa WM_PAINT

```
case WM_PAINT: {
    PAINTSTRUCT ps;
    TEXTMETRICW tm;
    wchar_t mawu[16];
    HDC hdc = BeginPaint(hwnd, &ps);
    GetTextMetricsW(hdc, &tm);
    int msinkhu = tm.tmHeight + tm.tmExternalLeading;
    for (int i = 0; i < angati; i++) {
        int zilembo = wsprintfW(mawu, L"%d", manambala[i]);
        TextOutW(hdc, 20, 10 + i * msinkhu, mawu, zilembo);
    }
    EndPaint(hwnd, &ps);
    return 0;
}
```

Tiyeni tichedwepo pang'ono apa. BeginPaint imakupatsani HDC, chogwirira chimene ntchito zonse za GDI, mbali ya Windows yojambula, zimadutsiramo. Imauzanso Windows kuti mbali yomwe inafunika kujambulidwa yasamalidwa. Mukasiya BeginPaint ndi EndPaint n'kungobweza 0, Windows imaona ngati ntchito sinachitike, ndiye imatumizanso WM_PAINT, n'kutumizanso, osalekeza. Pulogalamu yongolemba timanambala 40 n'kuyamba kudya purosesa ngati ikuchita zazikulu.

Malo amayezedwa kuchokera pa kona ya kumtunda kumanzere, pamene pali 0,0. Mukawonjezera x mumapita kumanja, mukawonjezera y mumatsika pansi. Izi zikusiyana ndi magalafu a masamu, kumene y amakwera m'mwamba. Mukaiwala kuchulukitsa i ndi msinkhu, manambala onse 40 amagwera pamalo amodzi ndipo mumangoona womaliza yekha atakwirira anzake.

Ena amathamangira kulemba 16 kapena 20 ngati msinkhu wa mzere. Pa kompyuta yawo zimaoneka bwino, koma akangosintha fonti mizere imayamba kukwerana kapena kutalikirana mopanda pake. Kufunsa GetTextMetrics ndi mzere umodzi wokha, palibe chifukwa cholotera.

Palinso msampha wa GetDC. N'zotheka kutenga HDC paliponse, mwachitsanzo munthu akadina batani, n'kujambula pomwepo. Manambala amaonekadi. Kale, windo ina ikangodutsa pamwamba anali kufufutika nthawi yomweyo ndipo cholakwikacho chinkaonekera msanga. Kuyambira pa Windows Vista, imene inafika kwa anthu mu 2007, Windows imasunga chithunzi cha windo iliyonse, ndiye kuiphimba sikufufuta kanthu. Munthu amakhulupirira kuti zatheka. Aitsitse windoyo pa taskbar n'kuibwezanso, apeza poyera. Yesani zimenezi nthawi zonse musananene kuti mwamaliza.

Chachinayi: afoleni kumanja, muwagawe m'mizati

Manambala osiyana utali akafola kumanzere amavuta kuwerenga, chifukwa 8 amakhala pansi pa malo a mamiliyoni. Musayese kukonza ndi mipata monga %10d. M'mafonti ambiri mpata ndi wopyapyala kuposa nambala, ndiye mzati umapindika. Itanani SetTextAlign(hdc, TA_RIGHT | TA_TOP) musanalowe mu loop. Kuyambira pamenepo x amatanthauza pothera nambala osati poyambira, choncho muchotse 20 uja muike malo okwanira nambala yaitali kwambiri.

Mizere 40 singakwane pa windo yaifupi. Funsani kukula kwa windo, muone kuti mzati umodzi ungatenge mizere ingati:

```
RECT r;
GetClientRect(hwnd, &r);
int mizere = (r.bottom - 10) / msinkhu;
if (mizere < 1) mizere = 1;
int mlifupi = tm.tmAveCharWidth * 14;
```

Mkati mwa loop, x akhala (i / mizere + 1) * mlifupi, pomwe y akhala 10 + (i % mizere) * msinkhu. Kugawa kukupatsani mzati, chotsala pogawapo chikupatsani mzere. Kamzere ka if kaja musakachotse poganiza kuti n'kokongoletsa. Munthu akaifinya windo mpaka kutsala mutu wokha, mizere imakhala 0, ndipo kugawa ndi 0 kumagwetsa pulogalamu pomwepo.

Kuti mizati izikonzekanso windo ikamakokedwa, ikani CS_HREDRAW | CS_VREDRAW pa style ya window class yanu. Popanda zimenezi Windows imangojambula kachigawo katsopano kamene kaonekera, ndipo manambala akale amasakanikirana ndi atsopano.

Chachisanu: ngati mukufuna aziwonekera imodzi imodzi

Apa ndi pamene ambiri amaika Sleep mkati mwa loop. Musatero. Nthawi yonse imene pulogalamu ikugona, palibe amene akulandira mauthenga. Windo siisuntha, batani lotsekera silimva, ndipo pakatha masekondi 5 Windows imalemba Not Responding pamutu pake.

Njira yake ndi timer. Pa WM_CREATE itanani SetTimer(hwnd, 1, 500, NULL), kutanthauza kuti uthenga wa WM_TIMER uzibwera pafupifupi theka la sekondi iliyonse. Khalani ndi static int ina, titi owonetsa, yoyambira pa 0:

```
case WM_TIMER:
    if (owonetsa < angati) {
        owonetsa++;
        InvalidateRect(hwnd, NULL, TRUE);
    } else {
        KillTimer(hwnd, 1);
    }
    return 0;
```

Mu WM_PAINT, loop izilekezera pa owonetsa m'malo mwa angati. Onani kuti WM_TIMER sijambula chilichonse. Imangosintha zosungidwa, kenako InvalidateRect n'kuuza Windows kuti zimene zili pa windo zatha ntchito. TRUE wa kumapetoyo akutanthauza kuti ifufute kaye kumbuyo isanajambule. Mukaika FALSE kuphethira kumachepa, koma nambala yaifupi ikalowa pamalo pa yaitali, zidutswa za yakale zimatsalira m'mbali.

Mtundu ndi fonti

SetTextColor(hdc, RGB(0, 0, 160)) imasintha mtundu wa malemba. Ngati kumbuyo kwa windo yanu si koyera, mudzaona timabokosi toyera kuzungulira nambala iliyonse, ndipo SetBkMode(hdc, TRANSPARENT) imatichotsa.

Fonti ina, monga Consolas, mumaipanga ndi CreateFontW n'kuilowetsa ndi SelectObject musanaitane GetTextMetrics, apo ayi muyeza fonti yakale. Ipangeni kamodzi pa WM_CREATE, muichotse ndi DeleteObject pa WM_DESTROY. Kuipanga mkati mwa WM_PAINT osaichotsa kumadontheza zinthu za GDI pang'onopang'ono. Mwachizolowezi pulogalamu imodzi imaloledwa 10,000 zokha, ndipo zikatha kujambula kumayamba kusokonekera. Task Manager ili ndi mzati wa GDI objects pa Details umene mungauyatse. Kokani windo uku ndi uku mukuyang'ana nambalayo. Ngati ikungokwera, pali chimene simukuchotsa.

Pomanga pulogalamuyi ndi compiler ya MinGW, lembani gcc manambala.c -o manambala.exe -mwindows. Mawu omalizawo amalumikiza gdi32, kumene kuli TextOut, komanso amaletsa windo yakuda ya console kutseguka pambali.

Njira yonseyi ndi yabwino pa manambala makumi angapo kapena mazana ochepa. Akafika masauzande, mufunika scroll bar, ndipo muzijambula mizere yokhayo imene yagwera mu ps.rcPaint, mbali ya windo yofunika kujambulidwanso. Ngati cholinga n'chakuti munthu azitha kusankha kapena kukopera manambalawo, musavutike kujambula nokha: ikani bokosi lokonzedwa kale la Windows, LISTBOX kapena EDIT ya mizere yambiri, muziitumizira malemba, yokha izisamalira WM_PAINT yake.