Mukamva zoti wina mumpingo ali pachibwenzi ndi mwamuna kapena mkazi mnzake, muyambire pati?

Funso ili limandipeza pafupipafupi, kaya n'chifukwa choti ndakhala mkulu wa mpingo kwa zaka zingapo kuno ku Zomba nde anthu amaona ngati yankho lililonse ndimayenda nalo m'thumba la jekete. Amabwera mayi wa Mvano kapena mnyamata wa kwaya, amayamba mozungulirazungulira, "a mkulu, pali kankhani kenakake", ukadekha n'kumvetsera upeza zoti wamva kapena waona pafoni kuti uje ali pachibwenzi ndi mwamuna mnzake, kapena mtsikana ndi mtsikana mnzake, ndipo mwini wakeyo sakuona cholakwika chilichonse. Nde titani?

Ndinene kaye pomwe ndaima kuti tisasokonezane. Ine ndimakhulupirira zomwe mipingo yambiri kuno kwathu imaphunzitsa, zoti ukwati ndi wa mwamuna ndi mkazi, ndipo kugonana kunja kwa ukwatiwo ndi tchimo posatengera kuti wachita ndani. Ndikudziwa alipo akhristu ena, kunjaku ngakhale konkuno, omwe mavesiwa amawamva mwina, koma mkangano umenewo si wa lero. Chomwe chimandisowetsa tulo ine ndi choti ife omwe pachiphunzitso timagwirizana, tikafika pochita timaononga anthu koopsa, kenako n'kumati tatumikira Mulungu.

Choyamba tsekani pakamwa, mutsekenso foni. Zikumveka zophweka eti? Koma apa ndi pomwe nkhani zambiri zimafera. Zaka zapitazo tinali ndi mtsikana wina wa kwaya, mawu ake akayamba nyimbo tchalitchi yonse imati zii, nde mnzake anabwereka foni yake kuti aimbire kunyumba n'kuona mameseji, anajambula, n'kutumiza kwa munthu mmodzi yekha "kuti timupempherere". Pofika madzulo zithunzi zija zinali pagulu la WhatsApp la kwaya, m'mawa mwake amayi ogulitsa tomato pa Mpondabwino akuzidziwa, ife akulu a mpingo tinamva pomaliza penipeni ngati alendo. Mtsikanayo palibe ndi mmodzi yemwe anapita kukakhala naye pansi, ine ndemwe sindinapite, ndinkati ndidikire abusa abwere ku msonkhano. Anakwera minibasi ya ku Limbe ndipo mpaka lero sanapondenso pakhomo pa tchalitchi yathu. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata, akuluakulu ananena, ndipo mlomo wa masiku ano uli ndi bandulo. Mawu oti "timupempherere" akhala chikwama chonyamuliramo miseche, nde ngati mukufunadi kupemphera lowani kuchipinda mupemphere, Mulungu safuna sikirinishoti.

Kenako dzifunseni kuti mukudziwa chani kwenikweni. Mnyamata kuyenda monyang'wa, kukonda kuphika, kufika zaka 35 asanakwatire, kapena atsikana awiri kugona chipinda chimodzi ku Chikanda chifukwa lendi yakwera, zonsezi si umboni wa kanthu. Komanso pali kusiyana pakati pa munthu yemwe mumtima mwake amakopeka ndi amuna anzake, akulimbana nazo mwina chiyambire ali ku pulayimale osauza munthu, ndi yemwe wasankha kukhala pachibwenzi n'kunena kuti sasiya. Woyambayo sanachite kanthu koti mpingo ukhalire pansi, akufunika mnzake womumvera basi. Funsaninso kuti kodi munthuyu ndi wa mpingo? Paulo pa 1 Akorinto 5:12 akunena poyera kuti kuweruza akunja si ntchito yake. Neba wanu wa ku Matawale yemwe sanabatizidwe, sanalonjeze kanthu pamaso pa mpingo, ameneyo ndi neba, mpatseni moni, mubwerekeni mpini, akadwala mukamuone. Chilango cha mpingo ndi cha a m'nyumba.

Musananyamuke, yang'anani sikelo yanu ngati ili bwino. Vesi yomwe timaikonda ija yotchula amuna ogonana okhaokha, 1 Akorinto 6:9-10, sitimaiwerenga mpaka kumapeto. Mndandanda womwewo muli achigololo, akuba, osirira, oledzera, olalatira anzawo ndi olanda. Aroma 1 timaiwerenga mokweza mawu, koma Aroma 2:1 yomwe ikutembenukira woweruzayo timaidumpha ngati chithaphwi. Pampingo wina womwe ndimaudziwa bwino panali bambo wina wabizinesi, aliyense ankadziwa kuti ali ndi nyumba yachiwiri cha ku Chinamwali, ana awiri komweko, koma poti matumba a simenti a khonde la tchalitchi ankachokera kwa iye, nkhani yake inkangoti ikafika pa sesheni, bwalo la akulu a mpingo, "tifufuze kaye", zaka zinayi tikufufuza abale. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Achinyamata zimenezi amaziona, sikuti ndi opusa, nde tsiku lomwe mudzapite kwa mnyamata wosauka ndi Baibulo m'manja adzakufunsani za bambo wa simenti uja ndipo mudzasowa poyang'ana. Ngati mpingo wanu sulanga katangale, sulanga mwamuna womenya mkazi wake, sulanga mkulu wogona ndi ana asukulu, konzani zimenezo nthawi yomweyo, apo ayi chomwe mukuchitacho ndi tsankho lovala yunifolomu ya mpingo.

Tsopano pitani, inuyo nokha. Mateyu 18:15 akuti upite ukamuuze muli awiri, iwe ndi iye. Osati komiti, osati inu ndi akazi anu ndi tcheya wa mlaga. Musamuitanire ku vesitili Lamulungu anthu akutuluka m'mapemphero, aliyense aona ndipo nkhani yatha kale. Sankhani malo oti munthu akhoza kulira osaonedwa.

Ine ulendo wina zinandigwera chonchi. Mayi wina wamasiye anabwera kwathu usiku, chitenje chili kumutu, akunjenjemera, ati mwana wake wa ku koleji wamuuza yekha. Ndinamuimbira mnyamatayo n'kumupempha kuti andiperekeze ku Botanic Gardens Loweruka, tinagula chipisi cha pachiwaya m'tauni n'kukakhala pamwala m'mbali mwa Mulunguzi, madzi akusokosera moti wodutsa sangamve. Ndinali nditakonza mavesi asanu papepala m'thumba la shati. Ndinangoti, "mwanawe, mayi ako andiuza, sindinauze munthu ndipo sindiuza, ndabwera ndimve kwa iwe." Anakhala chete nthawi yaitali akuthyolathyola kamtengo, kenako anayankhula pafupifupi ola lathunthu, zoti anazindikira ali Fomu 1, zoti anasala kudya kangapo kupempha Mulungu amuchotsere, zoti tsiku lina ulaliki uli mkati anthu akuseka nthabwala ya mlaliki yonena za anthu ngati iye anatuluka kukasanza kuseri kwa tchalitchi. Mavesi anga aja ankawadziwa onse pamtima kuposa ine. Pepala silinatuluke m'thumba tsiku limenelo.

Sikuti ndinabisa chomwe ndimakhulupirira ayi. Atandifunsa kuti "nde inu a mkulu mukuti bwanji", ndinamuuza mosapita m'mbali kuti chibwenzi chakecho sindingachidalitse ndipo ndikukhulupirira kuti Mulungu akumuitanira njira ina, yovuta, koma ndinamuuzanso kuti pakhomo panga nsima adzadya monga kale. Zonse ziwirizi zinenedwe, ndipo zinenedwe ndi munthu yemwe wayamba wamvetsera. Agalatiya 6:1 akuti wogwidwa m'cholakwa mumubweze ndi mzimu wofatsa uku mukudziyang'anira nokha. Mawu aja timatchulira anthuwa m'minibasi ndi pa Facebook asiyeni kunyumba, simungabweze munthu yemwe mwayamba mwamutukwana. Musalonjezenso zomwe Mulungu sanalonjeze, zoti ukapemphera mwamphamvu mwezi umodzi zonse zitha. Ena zimawatsata moyo wonse, nde mukamunamiza tsiku lomwe adzaone kuti sizinathe adzataya ndi chikhulupiriro chomwe.

Akakana kumva? Musathamange. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ulendo umodzi si wokwanira kuti munthu mumutche wosalapa, pitaninso, papite miyezi. Zikakanikadi ndi pomwe vesi 16 ya Mateyu 18 ikuti mutenge mmodzi kapena awiri, ndipo mumuuze mwini wakeyo kuti ulendo uno ndibwera ndi uje, asangoona anthu atulukira. Sankhani anthu osunga chinsinsi omwe iyenso amawakhulupirira, mwina mlangizi wake wa kalasi kapena mayi wachikulire yemwe anamulera mu Sande sukulu. Osatenga uja amakonda kuyambitsa pemphero ndi mawu oti "Ambuye mukudziwa zomwe wachita mwana uyu".

Pomaliza penipeni nkhani imafika kwa abusa ndi sesheni, kapena kwa bambo mfumu ngati ndinu a Katolika. Apa mpingo uli ndi ufulu wonena kuti munthu yemwe wasankha kupitiriza zomwe mpingo umati ndi tchimo aime kaye pa mgonero, atule udindo wa kwaya kapena wa achinyamata, chimodzimodzi momwe timachitira ndi wa mitala kapena wotenga mimba ya pathengo (ngakhale apanso timalanga mtsikana yekha mnyamata ali phee pa kiyibodi, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina). Kudulidwa kutanthauze zimenezo basi. Chitseko cha tchalitchi chikhale chotsegula, maliro akagwa kwawo mupite mukagone, akagonekedwa kuchipatala cha Central mukamuone ndi phala. Palibenso chifukwa cholengeza tsatanetsatane wa tchimo lake pa zolengeza za Lamulungu. Anthu amati koma vesi 17 ikuti akhale ngati wakunja ndi wamsonkho. Eya, nde Yesu amsonkho ankatani nawo? Ankadya nawo, ndipo Mateyu mwini wakeyo anamutenga pa tebulo la msonkho. Paulo yemwe analamula chilango chokhwima pa 1 Akorinto 5 ndi yemwenso pa 2 Akorinto 2:6-8 akuti chilango chakwana, mukhululukireni, mutonthozeni, angamizidwe ndi chisoni. Sesheni ikamadula munthu isankhiretu mkulu yemwe azikamuyendera mwezi ndi mwezi, ngati palibe wodzipereka ndiye kuti simunamulange, mwangomutaya.

Za apolisi ndinenepo, poti ena amaona ngati imeneyo ndi njira yachidule. Malamulo a dziko lino mukuwadziwa, ndime 153 ya Penal Code imapereka zaka zofika 14 kundende pamlandu womwe imautcha kugonana kosemphana ndi chilengedwe, ndipo ndime 137A yomwe aphungu anavomereza mu 2010 inaonjezera akazi, zaka 5. Ambiri tikukumbukira za Steven Monjeza ndi Tiwonge Chimbalanga omwe anagamulidwa zaka 14 pamlandu woterewu mu May 2010, Bingu wa Mutharika n'kuwakhululukira atakumana ndi Ban Ki-moon, mkulu wa bungwe la United Nations pa nthawiyo. Mu July 2023 mipingo ndi Asilamu anayenda m'misewu kukana maukwati a amuna okhaokha kapena akazi okhaokha, ndipo mu June 2024 khothi linakana kuchotsa malamulowa. Zonsezi ndi zoona, koma Mateyu 18 ilibe sitepe yoti kenako mukamuneneze ku polisi. Ife a ku Zomba ndende yaikulu ija timaidutsa tsiku ndi tsiku, tikudziwa kuti munthu sapita kumeneko kukaphunzira kulapa. Munthu akakuululirani ngati mkhristu mnzake inu n'kukamugulitsa, palibenso wachinyamata mumpingomo yemwe adzakuuzeni kanthu. Ndipo mukamva anyamata a m'dera akupangana zokamumenya kapena kumuopseza kuti atipatse ndalama apo ayi tiulula, aletseni, muimirireni pakati. Ngakhale maepisikopi a Katolika kuno, omwe mu December 2023 anakana zodalitsa maubwenzi oterewa, Katekisimu wawo pa ndime 2358 amati anthuwa alandiridwe mwaulemu ndi mwachifundo, osawasala mopanda chilungamo. Pokhapo pomwe polisi ikufunika msangamsanga ndi pomwe pali mwana wamng'ono kapena wina wakakamizidwa, apo musadikire sesheni, kaya wochitayo ndi mwamuna kaya mkazi kaya m'busa.

Makolo, inu ndiye mawu anga akulu. Musamuthamangitse mwana pakhomo, musadule fizi. Mwana wothamangitsidwa sapita kukalapa, amapita kwa aliyense yemwe angamupatse pogona, ndipo ambiri mwa oterowo si abwino. Musamufunire mkazi mokakamiza kuti "achire", mukungoonjezera mwana wa eni ake m'mavuto, patha zaka zitatu ankhoswe ali pakhonde panu. Zomutengera kuphiri kwa aneneri omwe amamanga anthu ndi zingwe, kuwamenya ndi kuwasalitsa kudya masiku ambirimbiri ati akutulutsa chiwanda, zimenezo ndi nkhanza, pemphero silifuna chikwapu. Ndipo mukamva mwana akuti "bola ndingofa" kapena wayamba kugawa zinthu zake, musati akufuna kutiopseza, khalani naye pafupi, chotsani mankhwala a mbewu m'nyumba, mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo, madokotala a maganizo tili nawo konkuno ku Zomba.

Mnyamata wa pa Mulunguzi uja nkhani yake sinathe momwe ndinkafunira. Chibwenzi sanasiye, pa mgonero anaima yekha tisanamuuze, anamaliza sukulu ali ku Lilongwe pano akugwira ntchito. Mayi ake anandifunsa ngati kumutumizira ufa ndi tchimo, ndinati tumizani amayi, muikemo ndi nyemba. Akabwera pa Khirisimasi amakhala benchi yakumbuyo pafupi ndi chitseko, potuluka amandipatsa moni wa manja awiri, ndipo mwezi wathawu ananditumizira meseji usiku kufunsa ngati Salimo 139 imanenanso za anthu ngati iye. Ndinamuyankha kuti eya, ndipo tinacheza mpaka bandulo yanga inatha.